Mfuti ya mpweya yotsika mtengo: kuigula, kuikonzera malo ndi kuphunzira kulasa chandamale

Ndinakulira ku Katete ndi legeni m'khosi, ndiye nditayamba kulandira kamalipiro kuno ku Lusaka, mtima unathamangira mfuti ya mpweya, imene anyamata m'tauni amangoti pellet gun. Ndinalowa m'sitolo ina, mnyamata wogulitsa n'kunditsitsira ziwiri. Ina inali yaifupi, ya thabwa, yooneka ngati ya mwana wa sukulu. Inzake inali yakuda bii, yaitali, sikopu (kagalasi koyang'anira chandamale) ili pamwamba, pa katoni atalembapo liwiro la peleti, 1200 FPS (mafiti pa sekondi), ndi zilembo zikuluzikulu. "Mudala, tengani iyi," anatero mnyamatayo, "ili na mphamvu maningi. Iyo ing'ono ni ya bana." Ndinanyamula yakudayo. Miyezi itatu inatha ndisanalase chitini kawiri motsatizana pa mamita 15. Mkono unkawawa ndi kuthyola mpope poika peleti, sikopu inali itasweka m'kati, ndipo aneba anali atayamba kuyankha moni wanga ndi mphuno. Ndinaigulitsa moluza n'kubwerera kukatenga "ya bana" ija. Ndikadali nayo mpaka lero.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kumaboola mapepala ndi kugwetsa zitini Loweruka masana, ndalama zili zochepa. Ndayamba ndi zimene ambiri amazisiyira kumapeto.

Yambani ndi apolisi

Nkhani za mfuti kuno kwathu zili pansi pa Firearms Act, Chapter 110 ya malamulo a Zambia, ndipo oyendetsa lamuloli ndi apolisi. Lembani papepala dzina la mfuti imene mwaiona, kukula kwa mpope wake ndi mphamvu imene yalembedwa pa katoni, mupite nazo ku siteshoni mukafunse ngati ikufunika chilolezo. Mawu a wogulitsa kapena a anzanu a pa WhatsApp sadzakuombolani tsiku limene adzakuimitseni pa roadblock ya pa Great East Road mfuti ili m'buti. Mukagula, risiti muisunge bwino, muijambulenso pa foni.

Munthu akaiona patali, mfuti ya mpweya siisiyana ndi mfuti yeniyeni. Poyenda nayo izikhala m'chikwama chake, yopanda peleti, yosathyola. Osakwera nayo minibasi ili pamtunda. Za mbalame ndi nyama zili ndi lamulo lakelake, Zambia Wildlife Act ya 2015, ndipo pano sitikukamba zosaka.

Malo ayambe, mfuti pambuyo

Peleti ya 4.5 mm imalemera pafupifupi theka la galamu basi, koma mukailozetsa m'mwamba pang'ono imatha kuuluka mamita oposa 300, ndipo pafupi imaboola khungu ndi kuphulitsa diso. Tsopano taganizirani puloti ya mamita 20 kwa 30 ya ku Chilenje kapena ku Chelstone: kuseri kwa wall fence kuli mayi akuchapa, ana akusewera mpira, thanki ya madzi ili pamwamba. Ngati mumakhala pa yadi ya mabanja angapo ku Mtendere, ku Chawama kapena ku Kanyama, kunena mosabisa, malo owomberapo mulibe. Pemphani wachibale amene ali ndi kafamu ku Chongwe, ku Makeni kapena cha ku Chilanga, muzipita kumeneko. Ngati nyumba ndi yalendi, eni nyumba adziwe.

Mukufunika mtunda wa mamita 10, woyeza ndi tepi. Sankhani mbali imene kulibe khomo, zenera, geti kapena kanjira kopita kuchimbudzi. Chandamale chikhale chotsika kuposa phewa lanu, kuti peleti iliyonse izipita chotsikira pansi.

Kenako mangani chogwira mapeleti. Changa ndinachipanga chonchi. Ndinatenga katoni wamkulu, n'kumudzaza sanza ndi majuzi akale, kutsendera ndi phazi mpaka sanzazo zitalimba, kuchindikala kwake masentimita 30. Kumbuyo kwa katoniyo ndinasanja matumba anayi a unga a 25 kg odzaza mchenga wa kumtsinje, awiri pansi awiri pamwamba. Kumbuyo kwa matumbawo ndinapachika kapeti yakale pa waya, yolendewera momasuka, yotakata kuposa zonsezo, kuti peleti yosochera ikafike pa chinthu chofewa. Nsalu yolendewera imameza mphamvu, pomwe chinthu cholimba chimaibweza.

Zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Masiku a mfuti yakuda ija ndinkangoika chitini pa njerwa, kumbuyo kwake khoma la mabuloko. Tsiku lina ndinaphonya, peleti n'kunjanja pa khoma, ndinangomva kuti kho! pa malata a khitchini ya aneba. Amayi a pa nyumbayo anasuzumira pamwamba pa khoma ataponda pa ndowa, mthiko uli m'manja. "Aneba, kodi mwatiyambira nkhondo?" Ndinapepesa ndi manja awiri. Madzulo ake ndinapita kukalankhula ndi bambo a pa nyumbayo, tinagwirizana kuti ndiziwombera Loweruka lokha, ndipo ndiziyamba ndawauza. Inu kambiranani ndi aneba anu musanawombere ngakhale kamodzi.

Khoma, tayala, thabwa louma gwa la mukwa, mabotolo agalasi ndi madzi a m'dramu, zonsezi zimabweza peleti kapena kumwaza tizidutswa. Ngati mukufuna chokhalitsa, owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga angakupangireni bokosi lokhala ndi chitsulo chochindikala mamilimita atatu kumbuyo, chopendekera pansi, kuti peleti ikamenya izigwera m'kathireyi ka mchenga. Bokosi lotere limalira, choncho kutsogolo kwake muzitsekako ndi katoni.

Gulaninso magalasi oteteza maso, aja amavala anthu ogwiritsa ntchito grinder. Amapezeka m'mahadiweya ndipo si odula. Aliyense amene waima pafupi avale ake. Geti likhale lokhoma, galu womangirira, ana kumbuyo kwa wowombera.

Kusankha mfuti

Mitundu imene mungakumane nayo ilipo itatu. Woyamba ndi wa sipuling'i, umene ambiri timauti wothyola. Mukathyola mpope, mumakankhira pistoni kumbuyo n'kufinya sipuling'i yaikulu. Mukakoka trigger, pistoniyo imathamangira kutsogolo, n'kupanikiza mpweya kudzera pa kabowo kakang'ono kamene kali kumbuyo kwa peleti. Palibe chogula china kupatula mapeleti. Zina m'malo mwa sipuling'i zili ndi kasilinda ka gasi kotsekeratu, kamene a Gamo amati IGT, a Hatsan amati Vortex, a Crosman amati Nitro Piston. Kagwiridwe kake ndi komweko, kungoti sizinjenjemera kwambiri.

Wachiwiri ndi wa gasi wa CO2, wogwiritsa ntchito timabotolo ta magalamu 12. Umawombera mofewa, koma timabotoloto timatha msanga ndipo timafuna ndalama nthawi zonse. Mphamvu yake imatsata nyengo: m'mawa wozizira wa mu June imafooka, m'dzuwa la October imakwera, ndiye pamene munakonzera mwezi watha sipamene idzamenye lero. Wachitatu ndi PCP, umene umasunga mpweya wopanikizidwa mpaka ma bar 200 kapena kuposa. Tayala la galimoto limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono, ndiye musaganize kuti pampu ya njinga kapena ya pa filling station ingadzaze. Pamafunika pampu yakeyake, yodula pafupifupi ngati mfuti ina. PCP imalasa bwino kuposa zonse, koma si ya thumba limene tikukamba pano. Tengani yothyola.

Kukula kwa mpope: pali 4.5 mm, imene imalembedwanso .177, ndi 5.5 mm, imene ndi .22. Ya chandamale ndi 4.5 mm. Peleti yake imayenda mowongoka pa mtunda waufupi, ndipo chitini chake nthawi zambiri chimakhala ndi 500, pomwe cha 5.5 mm chimakonda kukhala ndi 250.

Tsopano nkhani ya manambala a pa katoni, imene inandidyera ndalama. Mpikisano wa mfuti za mpweya unalowa m'masewera a Olympics mu 1984 ku Los Angeles. Amawombera pa mamita 10 ndi peleti ya 4.5 mm, ndipo pakati penipeni pa chandamale ndi kadontho ka theka la milimita. Mfuti za akatswiriwa zimatulutsa peleti pa liwiro losafika 600 FPS. Ndiye kuti anthu olasa kwambiri pa dziko lonse amagwiritsa ntchito theka la liwiro limene linali pa katoni wanga uja. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, omwe ndi 1,100 FPS ndi pang'ono. Peleti ikayandikira liwiro limenelo imayamba kugwedezeka m'mlengalenga, ndipo ikalipitirira imalira ngati chikwapu, mudzi wonse n'kumva. Komanso manambala aakuluwo opanga amawapeza poyesa ndi mapeleti opepuka kwambiri, osakhala a mtovu amene inu muzigula. Onjezani kuti Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirapo, choncho mfuti ya sipuling'i imapanikiza mpweya wochepa n'kutsika mphamvu pang'ono kusiyana ndi kugombe.

Mfuti yamphamvu kwambiri ndi yolemera, yolimba pothyola, ndipo imadumpha m'manja. Masana amodzi mukhoza kuwombera ka 100. Ngati kuthyola kulikonse kukufuna mphamvu yonga yonyamulira chigubu cha malita 20, pofika pa 30 mkono ukhala ukunjenjemera. Funani yolembedwa pakati pa 500 ndi 800 FPS, yoti mungaithyole mutakhala pampando osachita tsinya.

Mayina amene mungawaone: Weihrauch ndi Diana ndi za ku Germany, zabwino koma mtengo wake ndi wokwera. Mukapeza Weihrauch HW30 yogwiritsidwapo kale ntchito ili bwino, musachedwe nayo. Gamo ndi Norica ndi za ku Spain, Hatsan ndi ya ku Turkey ndipo zambiri zake ndi zolemera ndi zamphamvu, Crosman ndi ya ku America. BSA Meteor ya ku Birmingham inayamba kupangidwa mu 1959, ndipo yakale yosamalidwa bwino imagwirabe ntchito. Zotsika mtengo kuposa zonse ndi za ku China, monga B2 ndi B3. Zimawombera ndithu, koma kapangidwe kake n'kokhakhala ndipo trigger yake ndi yolimba. B3 simathyola mpope, ili ndi chokokera pansi, ndipo poika peleti chala chimalowa m'kamwa mwa chitsulo chimene sipuling'i ikuchikankha. Zakale zambiri zilibe chotetezera. Dzanja limodzi lisachoke pa chokokeracho mpaka chala chitatuluka.

Chinthu chimodzi chimene sindigonja nacho: mfutiyo ikhale ndi zoyang'anira zake zachitsulo, kamzati kutsogolo ndi kampata kumbuyo. Zambiri za masiku ano zimabwera ndi sikopu yokha ya mtengo wa mandasi. Sikopuyo ikafa, mwatsala ndi ndodo. Pa ndalama zimene mwasunga, gawo limodzi mwa atatu lisiyeni la mapeleti, magalasi ndi chikwama.

Kuiyesa musanalipire

Yatsopano ndi yakale yomwe, igwireni m'manja. Ikani paphewa muone ngati tsaya likukhala pa thabwa diso lili pa mzere wa zoyang'anira popanda kupinda khosi. Gwedezani mpope uli wotseka. Usasewere ngakhale pang'ono, m'mbali kapena m'mwamba.

Ngati ndi ya pa Facebook, kumanani masana pa malo oti mungawombere, ndipo mufunse risiti yake. Thyolani pang'ono, musuzumire mu mpope kuchokera kumbuyo mutalozetsa kowala. Muone mizere yopota ili yoyera, popanda dzimbiri. Onani kamphira kozungulira pamene pamalowa peleti. Kakakhala kophwanyika kapena kophwatalala, mpweya umathawira pamenepo. Njira yoyesera ndi kuika kapepala ka tishu pamwamba pa polumikizira mpope powombera: kakauluka, pali potulukira mpweya. Pothyola mverani. Phokoso longa mchenga ukukhuzika, kapena kuthyoka mofewa modabwitsa, ndi chizindikiro cha sipuling'i yoduka. Yang'anani ming'alu pa thabwa, makamaka pamene dzanja lakumanja limagwira. Mng'alu wa pamenepo umasonyeza kuti wina anaiwombera mpope uli chithyolere. Mitu ya masikuluwu yonyenyeka ikuuzani kuti mfutiyo inatsegulidwapo ndi munthu wosadziwa. Pomaliza wombani mapeleti asanu pa pepala. Wogulitsa akakana zimenezi, tsanzikani.

Mapeleti

Peleti ili ndi mutu, chiuno chopyapyala ndi siketi yotambasuka kumbuyo. Siketiyo ndi imene imafufuma ndi mpweya n'kugwira mizere ya mu mpope. Ikakhala yopindika, peleti imapita kwina. Tsegulani chitini m'sitolo momwemo ngati akulolani. Mukaona masiketi ambiri ophwanyika ndi fumbi la mtovu pansi, chisiyeni.

Ya mutu wophwatalala imadula bowo loyera pa pepala ndipo ndi yabwino pa mamita 10. Ya mutu wobulungira imapirira mphepo, ndi imene mungaidalire kuyambira mamita 15 mpaka 30. Yosongoka imaoneka yaukali, anyamata amaikonda, koma kawirikawiri imamwazika. Mayina odalirika ndi JSB ya ku Czech Republic, H&N ndi RWS za ku Germany. Mpope uliwonse uli ndi chakudya chake. Mfuti ziwiri za mtundu umodzi zikhoza kukonda mapeleti osiyana, ndiye poyamba gulani mitundu iwiri kapena itatu, muyese, kenako mukhazikike pa umodzi. Peleti yotola pansi itawomberedwa kale, timipira tachitsulo ta BB, misomali, machesi ndi mapira, zonsezi zisalowe mu mpope.

Mapeleti ndi a mtovu. Ife a m'dziko lino nkhani ya mtovu si yachilendo, mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likuvutitsabe ana mpaka pano. Musasunge mapeleti m'kamwa monga tinkaonera akuluakulu akuchitira kumudzi. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, ndipo nkhuku zisamatole pansi pa chandamale.

Kuthyola ndi kuika peleti

Tsamiritsani thako la mfuti pa ntchafu, mpope utaloza kumene kulibe munthu. Menyani mpope ndi chikhatho chakumanzere pafupi ndi kumapeto kuti utseguke, muugwire kumapeto komweko, muukokere pansi mpaka mutamva kuti khethe. Apa ndi pamene pamavulaza anthu. Mpope musausiye. Dzanja lakumanzere likhalebe pa mpope, lakumanja litenge peleti, liilowetse mutu patsogolo, likanikize mpaka siketi italingana ndi chitsulo. Chala chisayandikire trigger. Sipuling'i ikamasuka mpope uli wotseguka, mpopewo umabwerera ndi mphamvu yonse, umapindika, thabwa limang'aluka, ndipo chala kapena dzino limene lili m'njira limapita. Bwezerani mpope mpaka utatsekeka, kenako mulozetse ku chandamale, kenako muchotse safety, kaloko kotseka trigger.

Osawombera yopanda peleti, chifukwa pistoni imasowa mpweya woitsamira n'kukadzimenyetsa ku chitsulo. Osaisiyanso ili yothyola kwa maola ambiri, sipuling'i imatopa. Mlendo akagogoda pa geti mutaika kale peleti, wombani mu katoni muja, kenako mukatsegule.

Mfuti yatsopano imatulutsa kautsi ndi kafungo ka mafuta opsa, nthawi zina n'kulira kwambiri. Ndi girizi wa ku fakitale amene akuyaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, monga zimachitikira mu injini ya dizilo. Zimatha pakapita mapeleti makumi angapo. Musaiweruze mpaka chitini choyamba cha 500 chitatha, chifukwa zitsulo za m'kati zimakhala zikuzolowerana. Muzionanso masikuluwu ogwira thabwa, awiri kutsogolo ndi a pansi pa trigger. Amamasuka ndi kunjenjemera, ndipo mfuti imene dzulo imalasa lero n'kuyamba kumwaza, kawirikawiri vuto limakhala pamenepo. Mangani mpaka alimbe, osachita kukakamiza.

Kagwiridwe

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ine palibe anandiuza. Mukakoka trigger, pistoni yolemera imathamanga, mfuti imakankhira kumbuyo, pistoniyo ikaima mfuti imakankhiranso kutsogolo, ndipo zonsezi zikuchitika peleti isanatuluke mu mpope. Mukaifinya mwamphamvu, simungaifinye mofanana nthawi zonse, ndiye peleti iliyonse imatuluka mfuti itadumphira kwina. Mankhwala ake ndi kuilola idumphe mmene ikufunira, mofanana nthawi iliyonse. Azungu amati artillery hold.

Tambasulani chikhatho chakumanzere, mfuti igone pamenepo patsogolo pang'ono pa trigger, zala osakumbatira. Thako likhudze phewa mongokhudza. Dzanja lakumanja ligwire mmene mumanyamulira mbale yodzaza msuzi popita nayo kwa apongozi, mosamala koma mosafinya. Tsaya likhale pa malo amodzi nthawi zonse. Ine ndinamatapo kaselotepi pa thabwa kuti tsaya lizikamva.

Yambani mutakhala pa mpando, tebulo lili patsogolo. Thabwa la mfuti lisagone pa tebulo, pa njerwa kapena pa zenera, chifukwa pa cholimba imanjanja. Ikani sokosi yodzaza mpunga kapena mchenga, dzanja pamwamba pa sokosiyo, mfuti pamwamba pa dzanja.

Dziwaninso diso limene limalamulira. Lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, kenako tsinzinani limodzi limodzi. Diso limene chala chimakhalabe pa chinthucho ndi limene muziyang'anira. Mwana wina wa mlongo wanga ndi wamanjamanja koma diso lake lolamulira ndi lakumanzere. Anavutika milungu iwiri, kufikira tinamusinthira mfuti ku phewa lakumanzere. Atagwetsa zitini zitatu motsatizana anatembenuka n'kunena kuti, "Amalume, nanga bwanji simunandiuze kale?" Inenso ndinali nditangozidziwa kumene.

Kamzati kakutsogolo kakhale pakati pa kampata, nsonga yake italingana ndi m'mphepete mwa kampatako. Diso silingaone zinthu zitatu bwinobwino nthawi imodzi, choncho liikeni pa kamzati, chandamale chizioneka mwachimbuuzi. Kokani mpweya, tulutsani theka, imani. Ndi mnofu wa kunsonga kwa chala, kanikizani trigger pang'onopang'ono molunjika kumbuyo mpaka mfuti ilire yokha. Ikalira musadzutse mutu. Werengani kawiri mumtima muli chiyang'anire. Masekondi asanu ndi atatu akadutsa musanawombere, tsitsani mfuti mupume, muyambirenso.

Kukonza zoyang'anira

Jambulani kadontho kakuda ndi maka pa pepala loyera, mumate pa katoni, muwombere kasanu mutaloza pa kadonthoko osasintha chilichonse. Pakadali pano musasamale kuti mabowo ali kutali ndi kadontho. Chofunika ndi kuti ali pamodzi. Ngati amwazikana ngati chimanga cha nkhuku, vuto ndi kagwiridwe, masikuluwu kapena mapeleti, ndipo kupotokola zoyang'anira sikungathandize. Akayamba kusonkhana moti chitsekerero cha botolo la Fanta chingawaphimbe onse asanu, mwafika pokonza.

Lamulo lake ndi lalifupi: kampata kakumbuyo kasunthireni kumene mukufuna mabowo apite. Ali pansi, kakwezeni. Ali kumanzere, kapititseni kumanja. Sinthani pang'ono, muwombere asanu ena, muone. Osasintha pa peleti imodzi iliyonse, mungazungulire pepala lonse mpaka dzuwa kulowa. Ntchitoyi ichiteni m'mawa mphepo isanadzuke. Mu August, fumbi likamawuluka mu Lusaka monse, peleti ya theka la galamu imatengedwa ngati nthenga, ndiye mwezi umenewo musakonze kanthu masana.

Sikopu idikire mpaka mutamaliza zitini ziwiri ndi zoyang'anira zachitsulo. Mukadzaifuna, 4x32, yokulitsa zinthu kanayi, ndi yokwanira, koma ikhale yolembedwa kuti ndi ya mfuti ya sipuling'i. Kukankha kwa mbali ziwiri kuja kumaswa ngakhale masikopu opangira mfuti zazikulu, chifukwa iwo anawapangira kukankha kwa kumbuyo kokha. Zomangira zikhale za njanji ya 11 mm, zokhala ndi kamsomali kolowa m'kabowo ka pamwamba pa mfuti, apo ayi sikopu imatsetserekera kumbuyo pang'onopang'ono. Masikopu ambiri kudina kumodzi kumasuntha kota ya inchi pa mayadi 100. Pa mamita 10 kumeneko sikufika ndi milimita imodzi yomwe, ndiye kuti musunthe mabowo masentimita awiri mufunika kudina ka 28 kapena 29. Ambiri amadina kanayi, osaona kusintha, n'kunena kuti sikopu ndi yakufa.

Kusamala

Mfuti yothyola siifuna zambiri. Mukamaliza, pukutani zitsulo zakunja ndi kansalu kodontheza mafuta a makina osokera, makamaka m'dzinja, kuyambira November mpaka April, pamene thukuta la m'manja limasanduka dzimbiri usiku umodzi. Kadontho kamodzi pa cholumikizira mpope pakapita miyezi. M'kabowo ka mpweya musathiremo kanthu, kaya oyilo wa galimoto, kaya saladi, kaya WD-40. Wina adzakuuzani kuti kadontho ka mafuta kumbuyo kwa peleti kamawonjezera mphamvu. Kamaphulikadi, ndipo kamawotcha kamphira ka pistoni ndi kudula sipuling'i.

Mu mpope simufunika kutsukamo kawirikawiri. Mukaona kuti kulasa kwatsika popanda chifukwa, pindani twaini wa mbedza, mumulowetse kuchokera kutsogolo, mukolekemo kansalu kouma kumbuyo, mukoke. Bwerezani mpaka kansalu katuluke koyera. Waya ndi mankhwala otsukira mfuti za zipolopolo amawononga mizere ndi timphira. Sipuling'i ikaduka, musamasule nokha pa tebulo la m'khitchini. Imakhala yofinyika ngakhale mfuti isanathyoledwe, ndipo imatuluka ngati mkondo. Pitani nayo kwa wodziwa amene ali ndi chopanikizira.

Kunyumba izikhala mokhoma, mapeleti kwina, kiyi m'thumba mwanu. Mwana awombere pokhapokha wamkulu ataima pambali pake, dzanja lili pafupi ndi mpope.

Mapepala akakutopetsani, mangirirani zitini pa ulusi kutsogolo kwa katoni, kapena imikani timiyala ta choko, mabisiketi, ngakhale zitsekerero zapulasitiki. Zonse zikhale mkati mwa kukula kwa chogwira mapeleti chija. Mukafuna kubwerera kumbuyo kufika mamita 15 kapena 20, yambani mwakulitsa kapeti ndi kuwonjezera matumba. Miyezi iwiri iliyonse khuthulani katoni pa saka, mukutumule sanza, musefe mchenga wa m'matumba akutsogolo ndi sefa yakale imene sidzabwereranso kukhitchini. Mtovu wophwanyikawo muziusunga m'chitini chotseka. Changa cha polishi wa Cobra chatsala pang'ono kudzaza, ndipo mdala wina wopita kukawedza ku Kafue wandilonjeza kale nsomba ziwiri za pale kuti ndimupatse apangire zomiza mbedza.